Kuyambira pa mphala mpaka ku Luwinga: mmene kumpoto kwasulira atsogoleri a malonda

Wophunzira aliyense amene akuchita digiri ya bizinesi mumzinda wa Mzuzu amakumana ndi phunziro la utsogoleri asanavale gauni. Amaloweza mayina a akatswiri a ku America ndi ku Ulaya, amalemba manotsi, amakhoza mayeso, ndipo ambiri amatuluka akukhulupirira kuti nzeru imeneyi inabwera ndi mabuku. Chikhalirecho chigawo cha kumpoto chakhala chikusula atsogoleri kwa zaka mazanamazana, ndipo kuyambira kalekale malonda ndi utsogoleri kuno zayendera limodzi. Tikailondola mbiriyi kuchokera pa mphala za makolo, kudzera ku Khondowe, mpaka m'makalasi a ku Luwinga, chinthu chimodzi chikuonekera m'badwo uliwonse: munthu amakhwima pa utsogoleri akasenzetsedwa udindo weniweni pamaso pa anthu amene ali ndi ufulu womufunsa mafunso. Kumene ufulu umenewu unalipo, atsogoleri anakula. Kumene unalandidwa, anthu anatsala ndi mabwana.

Sukulu ya makolo

M'chigwa cha Karonga, Angonde amakumbukira kuti Kyungu woyamba anakhazikika pa phiri la Mbande zaka mazana anayi kapena kuposerapo zapitazo. Ngakhale ankaopedwa ndi kulemekezedwa koposa, Kyungu sankalamula yekha. Pambali pake panali makambala, akuluakulu a mafuko amene ankasankha wolowa ufumu, kumulanga ndi kumubweza akasokera. Mpando unali wa munthu mmodzi, koma nzeru zoyendetsera dziko zinkachokera kwa ambiri.

Kummwera kwake, ku Nkhamanga m'boma la Rumphi la lero, ufumu unabadwa m'malonda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, gulu la amalonda linawoloka nyanja kuchokera kutsidya la kum'mawa, motsogozedwa ndi munthu amene amakumbukiridwa ndi dzina lakuti Mlowoka. Anapeza Atumbuka ali ndi minyanga ya njovu yambirimbiri imene sankaiwerengera, moti nkhani za akuluakulu zimati ena ankangoikhalira ngati mipando. Mlowoka sanabwere ndi nkhondo. Anabwera ndi nsalu, mikanda ndi makasu. Anakwatira m'mabanja a eni nthaka, a Luhanga ndi a Kumwenda, ndipo akuluakulu a mafuko anawaveka nsalu za kumutu monga chizindikiro cha ulemu. Mwana wake Gonapamuhanya ndiye anakhala Chikulamayembe woyamba, amene Atumbuka amamukumbukira chaka ndi chaka ku Bolero. Mnzake wa paulendo, Katumbi, anakhazikika ku Hewe.

Nkhani ya Mlowoka ili ndi mbali ziwiri, ndipo wophunzira bizinesi ayenera kuzimva zonse. Mlendo anasanduka mtsogoleri chifukwa cha kupatsa, kulemekeza amene anawapeza ndi kusunga pangano. Komabe eni minyanga sankadziwa mtengo wake kugombe la nyanja yamchere, choncho phindu lalikulu linapita kwa wodziwa msika. Mlimi wa khofi wa ku Phoka kapena wa mpunga wa ku Karonga akulimbanabe ndi vuto lomweli lero.

Angoni anabwera ndi kasulidwe kena. Atathawa nkhondo za kummwera kwa Africa, anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana, motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira cha kummwera kwa nyanja ya Tanganyika, mtunduwo unagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linatsikira ku Henga ndi m'chigwa cha Kasitu m'zaka za m'ma 1850, nkuthetsa mphamvu za Chikulamayembe. Mnyamata wa Chingoni akangosinkhuka ankachoka kwa amayi ake nkukagona ku laweni ndi anyamata anzake. Kumeneko ndi kubusa wamkulu ankalamula wamng'ono, ndipo aliyense ankayamba ndi kumvera asanafike polamula ena. Ng'ombe ikasowa, woyankha anali amene anapatsidwa gululo. Atakula ankakhala kumbuyo kwa akuluakulu pa sangweni, kumvetsera mmene izinduna zikusendera mlandu, mmene mboni ikufunsidwira, ndi mmene inkosi imadikirira onse alankhule isanagamule. Kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja kunalibe mfumu imodzi yaikulu, choncho munthu ankalemera ndi pakamwa pake: wotha kuyala mfundo pa mphala ndi kuyanjanitsa abale ndiye ankatsatidwa.

Sukulu imeneyi inalibe choko kapena mayeso olemba, koma inali ndi dongosolo: kuonerera, kutumidwa, kuyesedwa ndi udindo waung'ono, kenako kulangidwa pagulu tsiku lolowa ufumu. Miyambi ndiyo inali mabuku ake. Wolowa ufumu ankauzidwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiponso kuti mutu umodzi susenza denga. Tisaiphimbe mbali yake yowawa. Amayi ndi achinyamata kawirikawiri ankakhala kunja kwa bwalo, ngakhale amayi akuluakulu a m'nyumba za ufumu wa Chingoni anali ndi mawu amphamvu. Nkhondo za Angoni zinapasula midzi, ndipo Atumbuka a Baza Dokowe ataukira anaphedwa ambiri pa phiri la Hora cha m'ma 1880. Ku Karonga malonda a minyanga anasakanikirana ndi malonda a anthu mpaka wamalonda Mlozi anagonjetsedwa mu 1895. Luso lotsogolera likasowa chifundo limapha anthu.

Khondowe ndi mphunzitsi woyamba wa zamalonda

Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika pa Cape Maclear ndi sitima ya Ilala, ndipo mmodzi mwa iwo anali Dr Robert Laws. Malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Iwo ankakhulupirira kuti malonda abwino adzathetsa malonda a akapolo, nchifukwa chake mu 1878 kunabadwa kampani yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala. Njira yolowera kwa Angoni inatsegulidwa ndi William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, amene ankamva chilankhulo chawo ndipo ankadziwa kudikira. Mu 1889 mishoni ya Ekwendeni inakhazikitsidwa, ndipo ndi pa Ekwendeni pomwepo pamene mafumu a Angoni anakumana ndi bwanamkubwa Alfred Sharpe mu 1904 nkulowa pansi pa ulamuliro wa Britain popanda kuwomba mfuti.

Mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe nkuyamba sukulu ya Overtoun, yotchedwa dzina la mkulu wa bizinesi wa ku Scotland amene anaithandiza ndi ndalama. Kumeneko kunkasulidwa aphunzitsi, abusa, othandiza madokotala, akalipentala, amisiri omanga, osindikiza mabuku, otumiza telegalafu ndi akalaliki. Mwa ophunzira ake munali Levi Zililo Mumba, amene anamaliza mu 1903 nkukhala woyamba kuchita maphunziro a zamalonda pa sukuluyo. Mu 1905 anakhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa maphunzirowo, uku akusunganso mabuku a ndalama a mishoni, ndipo anagwira ntchitoyi mpaka 1915. Aliyense wophunzitsa bizinesi ku Mzuzu lero ayenera kudziwa kuti ntchito yake inayamba ndi munthu ameneyu.

Pa ndandanda wa maphunziro a ku Khondowe panalibe phunziro lotchedwa utsogoleri, koma utsogoleri unkaphunziridwa tsiku ndi tsiku. Mnyamata wongomaliza maphunziro ankatumizidwa yekha kumudzi wakutali kuti akatsegule sukulu, akakambirane ndi mfumu, akatolere ana, akalembe kaundula ndi kupereka lipoti. Mu mpingo munali seshoni ndi presibitale, mmene akulu ampingo ankasankhidwa, mfundo zinkatsutsidwa, mavoti ankawerengedwa, maminitsi ankalembedwa, ndipo msungichuma ankafotokoza ndalama iliyonse. Chizolowezi cha mphala chinakumana ndi cholembera ndi buku la ndalama, ndipo zinagwirizana bwino.

Koma amishoni ankafulumira kuphunzitsa, nkumachedwa kupereka mpando. Charles Domingo anakhoza maphunziro a ubusa, anadikira kudzozedwa kwa zaka, mpaka anatopa nachoka. Abusa akuda oyamba a mishoniyi, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 mishoni itafika. Mwasi yemweyo anatuluka mu 1933 nkuyamba mpingo wake. Ukamusula munthu nkumumana udindo, amakafuna kwina kogwiritsira ntchito luso lake.

Ena analipeza m'mabungwe. Mu 1912 ku Karonga kunabadwa North Nyasa Native Association, ndipo mlembi wake anali Levi Mumba. Kunatsatira West Nyasa Native Association mu 1914 ndi Mombera Native Association mu 1920. Mabungwewa anali ndi malamulo olembedwa, wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo maminitsi awo ankatumizidwa ku boma ku Zomba, odzaza ndi madandaulo a misonkho, sukulu, misewu ndi mitengo ya mbewu. Mu 1944 mabungwe a dziko lonse anaphatikizana nkupanga Nyasaland African Congress, ndipo pulezidenti woyamba anali Mumba, mphunzitsi wa zamalonda uja. Anamwalira mu January 1945, atangotsogolera miyezi yowerengeka.

Ena analipeza kunja. Kumpoto kunali sukulu zambiri koma ntchito zochepa, motero anyamata ankapita ku Joni, ku Southern Rhodesia, ku migodi ya kopa, ku Katanga ndi ku Tanganyika, kumene ambiri anakhala akalaliki ndi akapitawo, ena nkusanduka machona. David Kaunda anapita kukaphunzitsa ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Kadalie ankagwedeza khamu ndi mawu ake. Komabe pasanathe zaka zingapo bungwelo linasweka chifukwa cha mikangano ya atsogoleri, chitsenderezo cha boma, ndi ndalama za mamembala zimene sizinkasungidwa mwadongosolo. Palibe nkhani ina imene ingaonetse wophunzira momveka chotere kuti pakamwa pokoma popanda mabuku olongosoka a ndalama sipakhalitsa.

Kubadwa kwa Mzuzu

Nthawi yonseyi Mzuzu kunalibe. Panali thengo, madambo ndi midzi yapatalipatali pa mapiri a Viphya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma la atsamunda linayamba kudzala mitengo ya tung, imene mafuta ake amapangira penti ndi vanishi, ndipo munda waukuluwo unayendetsedwa ndi Colonial Development Corporation. Kunabwera antchito, akapitawo, akalaliki, ogulitsa ufa ndi usipa. Bizinesi ya tung sinapindule monga ankayembekezera, koma tauni inatsala, ndipo m'zaka za m'ma 1950 likulu la chigawo cha kumpoto linasamukira kuno kuchokera ku Mzimba. Mzinda uno unabadwa m'bizinesi imene inakonzedwa kutali ndi anthu osafunsa eni dera.

M'zaka zomwezo lamulo la makopaletivu la 1946 linatsegula sukulu ina yopanda makoma. Alimi a khofi ku Misuku, a mpunga ku Kilupula m'boma la Karonga ndi oweta ng'ombe ogulitsa mafuta a mkaka anayamba kusankha makomiti awo, kuyeza mbewu pa sikelo yawo ndi kuwerengetsa atsogoleri awo pa msonkhano wa pachaka. Sekondale ya boma ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1959, chaka cha chipwirikiti cholimbana ndi chitaganya. Mbadwo wa nthawiyo unatulutsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Rose Chibambo, Yatuta Chisiza ndi mng'ono wake Dunduzu. Dunduzu Chisiza ankaganiza mozama za chuma cha dziko likadzalandira ufulu, anachenjeza za kuopsa kwa ulamuliro wa munthu mmodzi, ndipo mu July 1962 anasonkhanitsa akatswiri a zachuma a m'maiko ambiri ku Blantyre. Anamwalira pa ngozi ya galimoto mu September chaka chomwecho.

Zaka za kumvera

Ufulu unabwera pa 6 July 1964, ndipo patangotha miyezi iwiri nduna zimene zinafunsa Dr Kamuzu Banda mafunso zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, zambiri nkuthawira kunja. Kuyambira pamenepo dziko linaphunzitsidwa utsogoleri wa mtundu umodzi, womangidwa pa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Achinyamata a Malawi Young Pioneers ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi kuguba m'mabesi awo, ndipo ena anapinduladi ndi lusolo. Anthu amakumbukiranso kuti ogwira ntchito m'boma ankasunga nthawi ndipo katundu wa boma ankaopedwa. Koma kufunsa wamkulu kunasanduka mlandu. Makopaletivu ambiri anafota, ndipo malonda a mbewu anagwidwa ndi bungwe la boma limene mu 1971 linakhala ADMARC. Mlimi amene kale ankasankha komiti yake anabwerera pa mzere wodikira mtengo wolengezedwa.

Maphunziro a ukachenjede anayamba ndi University of Malawi mu 1965. Zamalonda ndi zowerengera ndalama zinkaphunzitsidwa ku Polytechnic ku Blantyre, za kayendetsedwe ka boma ku Mpemba kenako ku Chancellor College. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Mzimba wofuna digiri ankayenda ulendo wa masiku, ndipo akamaliza ntchito ankaipeza komweko. Kumpoto kunapitiriza kusula anthu otumikira kwina. Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi mu 1968, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo. Mabala amenewa sanapole msanga.

M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda a Chimwenye kuchoka kumidzi nkupita m'mizinda ikuluikulu, poganiza kuti Amalawi alowa m'masitolomo. Masitolo ambiri anangotsala mabwinja, chifukwa olowamo analibe mpamba, ngongole kapena chizolowezi chosunga mabuku. Apa mpamene dziko linazindikira kuti bizinesi imafuna kuphunzira. Kunabwera DEMATT yolangiza amalonda, SEDOM yobwereketsa ndalama, MEDI ya ku Mponela yosula oyamba mabizinesi, kenako Malawi Institute of Management ku Kanengo yophunzitsa mamanijala. Mzuzu nayo inkakula: mitengo ya paini inadzalidwa ku Chikangawa pa mahekitala oposa 50,000 podikira fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo tauniyi, imene mu 1966 inalibe ngakhale anthu 10,000, inalandira ulemu wa mzinda mu 1985.

Ufulu wofunsa unabwerera mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa pa 8 March, ndipo Monsignor John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anapirikitsidwa m'dziko. Pa 6 April, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito wochokera ku Rumphi, anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa. Riferendamu inachitika pa 14 June 1993. Mu December chaka chomwecho apayoniya anawombera asilikali mumzinda wa Mzuzu, ndipo mkwiyo wa asilikali unabala Operation Bwezani imene inalanda zida za gululo. Sukulu ya kumvera kopanda funso inathera pomwepo.

Yunivesite ifika kumpoto

Laws anachoka mu 1927 loto lake la koleji yaikulu ku Khondowe lisanakwaniritsidwe. Linadikira zaka zoposa 70. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mzuzu University (Mzuni), ndipo ophunzira oyamba analowa mu January 1999 m'nyumba za koleji yakale ya aphunzitsi ku Luwinga. Inayamba ndi kusula aphunzitsi a sekondale, kenako inawonjeza za nkhalango, zaumoyo, zamakompyuta, za malo, ndi gawo la zokopa alendo, mahotela ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Mu 2003 sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula University of Livingstonia ku Khondowe komweko, ndipo lero ili ndi nthambi ku Ekwendeni ndi ku Kaning'ina mumzinda muno. Malawi College of Accountancy nayo ili ndi nthambi ku Mzuzu, ndipo makoleji ena amaphunzitsa madzulo ndi kumapeto kwa sabata anthu amene masana ali pa ntchito. Moto umene unapsereza laibulale ya Mzuni pa 18 December 2015, nkuwononga mabuku pafupifupi 45,000, unabweza ntchitoyi m'mbuyo koma sunaiimitse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzindawu, ambiri mwa iwo achinyamata.

Zimene ophunzirawa amaphunzira zinayenda ulendo wawo wautali. Sukulu yoyamba ya bizinesi pa yunivesite, Wharton, inatsegulidwa ku America mu 1881, ndipo Harvard inatchukitsa kuphunzitsa pogwiritsa ntchito nkhani zenizeni za makampani. Mu 1911 Frederick Taylor anaphunzitsa kuyeza ntchito ndi wotchi. Mu 1916 Henri Fayol wa ku France anagawa ntchito ya manijala m'zigawo zisanu: kukonzeratu, kulinganiza, kulamula, kugwirizanitsa ndi kuyang'anira. Poyamba akatswiri ankati mtsogoleri amachita kubadwa, koma kenako anatembenukira ku zochita zake. Mu 1939 Kurt Lewin ndi anzake anayesa magulu a anyamata pansi pa mtsogoleri wolamula yekha, wokambirana ndi anzake, ndi wongolekerera. Anapeza kuti anyamata a wolamula yekha ankalimbikira iye akakhalapo nkufooka akangotuluka, pamene a wokambirana ankapitiriza ntchito. Mmalawi amene anaona kusintha kwa 1994 safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Mu 1960 Douglas McGregor anaonetsa kuti bwana woganiza kuti antchito ndi aulesi amawasandutsadi aulesi. Mu 1969 Paul Hersey ndi Ken Blanchard anati katsogoleredwe kazisintha malinga ndi kukhwima kwa wotsogoleredwa. Mu 1970 Robert Greenleaf analemba za mtsogoleri amene amayamba ndi kutumikira, ndipo mu 1978 James MacGregor Burns anasiyanitsa utsogoleri wongosinthana mphotho ndi ntchito ndi utsogoleri wokweza mitima ya anthu.

Mfundo zimenezi ndi zothandiza, ndipo wozinyoza chifukwa chakuti ndi zakunja akudzimana yekha. Zimapatsa wophunzira mawu ofotokozera zimene amaona, ndiponso njira yoyezera ngati katsogoleredwe kena kakubala zipatso. Amalawi nawonso athirapo ndemanga zawo. Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analemba mozama za umunthu, ndipo Chiku Malunga waonetsa mmene miyambi ya makolo ingathandizire kumanga mabungwe amakono. Vuto lili pa kaphunzitsidwe. Kalasi ikadzaza, mphunzitsi amakakamizika kuwerenga manotsi, ophunzira nkuloweza kuti akabweze pa mayeso. Zitsanzo za m'mabuku ndi za makampani a ku New York ndi Tokyo. Wophunzira akhoza kupeza malikisi apamwamba pa mutu wa utsogoleri wokambirana m'kalasi mmene iye sanatsutsepo mphunzitsi ngakhale kamodzi. Pa atachimenti ena amangotumidwa kukafotokopa mapepala. Ndipo kuba kwa mabiliyoni ku Capital Hill kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunatikumbutsa kuti ambiri mwa osayina mapepala aja anali anthu ophunzira bwino. Digiri inalipo, womufunsa mwini digiriyo ndiye panalibe.

Mzinda wonse ndi kalasi

Chikhalirecho zitsanzo zili pakhomo. Alimi a khofi, bungwe la boma lowayang'anira litalephera, anatenga ntchitoyo m'manja mwawo mu 1999, ndipo mu 2007 anapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, yolumikiza makopaletivu a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi kummwera chakum'mawa kwa Mzimba. Mmenemo alimi ndiwo eni, amasankha bodi, bodi nkulemba ntchito mamanijala ophunzira. Mmene mlimi wa sitandade 8 amayang'anirira munthu wa digiri, ndi mmene wa digiriyo amafotokozera mitengo ya msika wa kunja kwa amene anamulemba ntchito, ndi phunziro lokwana temu yathunthu. Amayi a banki mkhonde ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo amawerenga ndalama pamaso pa gulu lonse, ndipo kumene amasunga m'bokosi, makiyi ake amagawana anthu osiyana. Zimene buku limatcha kugawa mphamvu poteteza chuma, iwo amazichita sabata iliyonse. Amalonda a mu msika wa Taifa amasonkherana ulendo wa ku Tanzania nkukhulupirira mmodzi ndi ndalama za ambiri. Akabaza ali ndi wapampando pa siteji iliyonse, woweruza mikangano ndi kusonkhetsa za maliro. Ku Chikangawa kuli nkhani ya nkhalango imene inadulidwa ndi kupsa mofulumira kuposa mmene inkadzalidwira, ndipo ku Kayelekera kuli nkhani ya mgodi wa uranium umene unatsegulidwa mu 2009 nkuima mu 2014 mitengo itagwa. Nkhani zonsezi zikudikira wozilemba kuti zilowe m'kalasi.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amanena za kusintha kaganizidwe ndi kudzidalira. Ambiri mwa omaliza maphunziro sadzapeza ofesi yowadikira. Adzayamba bizinesi ya anthu atatu kapena asanu, mwina ndi abale, ndipo tsiku loyamba lomwelo adzakumana ndi mafunso amene mabuku a kunja sayankha: ungadzudzule bwanji wantchito wa msinkhu wa bambo ako osamuchotsa ulemu, ungamukanize bwanji malume ngongole ya mu shopu, udzatani wogula wamkulu akapempha ya fanta, mtsikana adzatsogolera bwanji amuna amene anakula akumva kuti bwalo ndi lawo.

Mayankho ake amaphunziridwa mmene makolo ndi a ku Khondowe ankaphunzirira, pochita. Wophunzira wa chaka chachiwiri apatsidwe gulu, ntchito yeniyeni ndi ndalama zenizeni, ngakhale zochepa, ndipo kumapeto kwa temu aimirire pamaso pa anzake kufotokoza mmene zayendera. Upampando, ulembi ndi usungichuma zizizungulira kuti aliyense, mtsikana ndi mnyamata yemwe, alawe kulamula ndi kulamulidwa. Malikisi ena azichokera kwa amene anatsogoleredwa. Mafumu, atsogoleri a makopaletivu ndi amayi a mu msika aziitanidwa kudzaphunzitsa, ndipo ophunzira aziwafunsa momasuka. Mphunzitsi nayenso alole kutsutsidwa mwaulemu, pakuti ophunzira amatengera zimene iye amachita kuposa zimene amalemba pa bolodi. Mayina a Mlowoka, Mumba, Kadalie, Chibambo ndi Chisiza aphunzitsidwe pamodzi ndi a Fayol ndi Burns, zabwino zawo ndi zolakwa zawo zomwe.

Mayeso enieni a phunziroli sachitikira m'holo ya yunivesite. Adzachitika zaka zingapo m'tsogolo, pa msonkhano wa pachaka wa kopaletivu, wa SACCO kapena wa kampani, pamene mlimi kapena wantchito wamba adzaimirira nkufunsa kumene ndalama zinapita. Womaliza maphunziro amene adzatsegule mabuku nkuyankha bwinobwino, wosakwiya ndi wosaopseza, ndiye adzakhale atakhoza, ndipo sukulu za ku Mzuzu ziyenera kuyamba kumukonzekeretsa tsiku limenelo kuyambira chaka chake choyamba.